Ndatola agalu 7 ndi amphaka 4: kodi ndisiye ntchito kuti ndizipulumutsa nyama?

Funso: "Adokotala, ndine mayi wa zaka 34 ndipo ndimagwira ntchito ya mu ofesi. Chaka chatha ndinatola kagalu kogundidwa ndi galimoto, ndinakasamalira mpaka kanachira. Chiyambire pamenepo anthu akaona galu kapena mphaka wopanda mwini amandiimbira foni, ena amangosiya katoni pageti n'kuthawa. Pano ndili ndi agalu 7 ndi amphaka 4. Mwezi watha tiagalu tiwiri tomwe ndinali nditangotola tinafa titatsegula m'mimba magazi okhaokha, ndipo sindikugona tulo poganiza kuti ndinatipha ndine. Bambo a kunyumba ayamba kudandaula, aneba nawonso akuti phokoso lanyanya. Koma mtima ukundiuza kuti ndisiye ntchito, nditsegule malo osungirako nyama zotere. Kodi ntchito imeneyi imafuna chiyani kwenikweni? Ndingaithe?"

Mayi, pepani ndi imfa ya tiagalu tiwirito. Ndakhala dokotala wa ziweto kwa zaka zambiri, ndipo mbali yaikulu ya zaka zimenezo ndaithera pa nyama zotoledwa m'misewu, koma mpaka lero kagalu kakandifera m'manja, tsiku limenelo chakudya sichindilowa. Kusowa tulo kwanuko ndikukumvetsa. Simunatiphe ndinu. Munatitola tili kale pangozi, ndipo pakanapanda inu tikanafera m'ngalande popanda wotipatsa ngakhale dontho la madzi. Komabe ndikhala ndikukunamizani ndikangopepesa n'kulekera pomwepo, chifukwa imfa imeneyi yasiya ntchito pakhomo panu.

Kagalu kosabayidwa katemera kakamatsegula m'mimba magazi, kukusanza, fungo lake lili loti ukalimva kamodzi suliiwalanso, nthawi zambiri amakhala parvo. Kachilombo kameneka kanadziwika mu 1978 ndipo m'zaka ziwiri zokha kanali katazungulira dziko lonse lapansi. Kamasupula khungu la m'kati mwa matumbo n'kuphanso maselo oyera a m'magazi, asilikali a thupi aja, kotero kagalu kamauma madzi m'thupi kwinaku majeremusi a m'matumbo akulowerera m'magazi. Chithandizo chake ndi dilipi, mankhwala oletsa kusanza ndi maantibayotiki, ndipo chiyenera kuyamba tsiku lomwelo. Chimene chimapusitsa otola ambiri n'chakuti kagalu kamatha kufika kakusewera bwinobwino, poti pamapita masiku 3 mpaka 7 kachilombo katalowa m'thupi, zizindikiro zisanaoneke.

Kachilomboka sikachoka ndi mtembo. Kamatsala m'dothi la pabwalo kwa miyezi yambiri, ngakhale chaka chathunthu, ndipo kamayenda pa nsapato, pa zovala, pa mbale ndi pa tsache. Sopo yekha sakapha. Pa simenti ndi pa mbale, yambani mwatsuka zonyansa zonse, kenako muthire bulichi wosungunula, kapu imodzi m'makapu 30 a madzi, ndipo mumusiye pamenepo mphindi 10 musanatsukuluze. Dothi ndi kapinga sizitsukika. Ndiye kwa chaka chathunthu, kagalu kosamaliza katemera kasapondenso pabwalo limenelo, ngakhale kakumvetseni chisoni bwanji. Katemera wa tiagalu amayamba tili ndi masabata 6 mpaka 8, n'kumabwereza pakatha masabata 2 mpaka 4 kufikira titakwana masabata 16. Kubwerezaku si chinyengo cha madokotala ofuna ndalama ayi. Chitetezo chomwe kagalu kamayamwa kwa mayi wake chimatchinga katemera, ndipo chimatha pa nthawi yosiyana mwa kagalu kalikonse, n'chifukwa chake timabaya kangapo kuti jakisoni mmodzi agwere pa nthawi yoyenera.

Apa mpomwe pali udindo woyamba wa wopulumutsa nyama, ndipo ambiri sauganizira: nyama zomwe zili kale m'manja mwanu ndi zomwe muyenera kuyamba kuziteteza, yobwera lero ija imabwera pambuyo. Nyama yatsopano iliyonse iyenera kukhala payokha masiku 14, ndi mbale yakeyake, tsache lakelake, ndipo muziidyetsa pomaliza mutathana ndi zinazo, kenako kusamba m'manja n'kusintha nsapato. Ine phunziro limeneli ndinaliphunzira ndi misozi. Ndili wachinyamata pantchito, usiku wina anatibweretsera galu wowonda wokhala ndi manthongo ndi chimfine. Malo opatulira anali odzaza, ndiye ndinati agone ndi anzake usiku umodzi wokha, mawa tiona chochita. Anali ndi distemper, matenda oopsa opatsirana a agalu. Patatha masabata atatu tinali tikukumba maenje, ena mwa agalu omwe anapulumuka anatsala akunjenjemera minofu moyo wawo wonse. Usiku umodzi wokhawo. Kupatulaku kumatetezanso ana anu, chifukwa zipere, mphere za agalu, utitiri ndi njoka za m'mimba zina zimadumphira kwa anthu.

Tsopano za thupi lanu, zomwe m'kalata mwanu simunazitchule n'komwe, ndipo ndi zimene zandidetsa nkhawa kuposa zonse. Munthu wotola agalu osadziwika komwe achokera amakhala pakamwa pa chiwewe. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati chiwewe chimapha anthu pafupifupi 59,000 chaka chilichonse, ochuluka zedi mu Africa ndi Asia. Mwa odwala 100 aliwonse, mpaka 99 amachitenga kwa galu, ndipo pafupifupi 40 mwa olumidwa 100 amakhala ana osakwana zaka 15. Zizindikiro zikangoyamba kuoneka mwa munthu, kuchira kumakhala kulibe. Chomvetsa chisoni n'chakuti katemera wake alipo kuyambira 1885, pamene Louis Pasteur anapulumutsa mnyamata wa zaka 9, Joseph Meister, yemwe analumidwa ndi galu wachiwewe.

Anthu amaganiza kuti galu wachiwewe ndi uja wothamangitsa aliyense thovu lili kukamwa. Alipo woteroyo, koma palinso wachiwewe chofatsa. Ameneyu amangogona pamthunzi, chibwano chili lende, dovu likuchucha, akulephera kumeza, ngati wotsamwa ndi fupa. Munthu wachifundo ngati inu amagwada n'kupisa dzanja m'kamwa kuti achotse fupalo. Musadzayerekeze. Galu wosadziwika yemwe akuyenda mopepesuka, wasintha mawu pouwa, kapena wafooka miyendo yakumbuyo popanda bala looneka, musamugwire, itanani a zaziweto. Inuyo pitani kuchipatala mukapemphe katemera wa chiwewe woperekedwa munthu asanalumidwe, yemwe amalimbikitsidwa kwa onse ogwira nyama tsiku ndi tsiku, ndipo mukaonetsetsenso kuti wa kafumbata sanathe mphamvu. Mukalumidwa kapena kukalidwa, ngakhale pang'ono, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi oyenda kwa mphindi 15 zathunthu, muchite kuyang'ana pawotchi, kenako kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale munabayitsa kale. Galu wolumayo amatsekeredwa n'kumamuyang'anira masiku 10, koma inu musadikire masiku amenewo kuti muyambe jakisoni. Bala la mphaka limaoneka laling'ono koma mano ake amalowa mozama ngati singano, ndipo dzanja limatha kutupa mafinya pasanathe tsiku.

Nyama yovulala imaluma ngakhale mwini wake. Galu wogundidwa mumange kukamwa ndi bandeji kapena kansalu musanamunyamule, pokhapokha ngati akusanza kapena akubanika, ndipo mumukokere pathabwa kapena pabulangete m'malo momufungata, kuopa kuonjezera kuthyoka kwa msana. Mphaka mumuphimbe ndi thaulo lochindikala n'kumuika m'bokosi lotsekeka. Ndipo poima pamsewu kuti mutole nyama, kumbukirani kuti galimoto yomwe yagunda galuyo ili ndi anzake akubwera m'mbuyo.

Tibwere pa phata la funso lanu. Kutola nyama ndi ntchito ya mphindi zisanu. Zotsatira zake ndi zaka 10 mpaka 15 za galu, ndipo mphaka amatha kupitirira apo. Wopulumutsa nyama aliyense ali ndi nambala yake, chiwerengero cha nyama zomwe angazisamalire bwino ndi nthawi, malo, ndalama ndi manja omwe ali nawo. Kudziwa nambala imeneyi n'kuilemekeza ndiye ntchito yeniyeniyo. Mabungwe osunga nyama a ku America amawerengera mphindi 15 pa nyama iliyonse tsiku lililonse, zongodyetsa ndi kukonza pogona basi. Inu muli ndi nyama 11, ndiye kuti maola awiri ndi mphindi 45 tsiku ndi tsiku, Lamulungu ndi tsiku la maliro lomwe, musanayendetse galu ngakhale mmodzi, musanamwetse mankhwala, musanapite kwa dokotala, musanayankhe foni ya wofuna kutenga mphaka. Onkhetsani nokha muone ngati nyama 30 zingakwane m'tsiku la munthu mmodzi.

Muyeso womwe timagwiritsa ntchito unachokera ku Britain. Mu 1965 komiti yotsogozedwa ndi Pulofesa Roger Brambell inafufuza momwe ziweto za m'mafamu akuluakulu zimasungidwira, ndipo pofika 1979 maganizo ake anali atasanduka maufulu asanu omwe lero amadziwika kulikonse: nyama isamve njala ndi ludzu, ikhale ndi pogona pabwino, isazunzike ndi ululu, mabala kapena matenda, ithe kuchita zomwe chibadwa chake chimafuna, ndipo isakhale mwamantha. Atatu oyambawo ambiri timawakumbukira. Awiri omalizawo ndi omwe amayamba kugwa nyama zikachuluka. Galu wokhuta koma wotsekeredwa m'kakhola usana ndi usiku, akungozungulira malo amodzi mpaka kukumba kanjira, sanapulumutsidwe. Mphaka wokhala pamwamba pa kabati tsiku lonse poopa agalu 7 ali pansi, amasiya kudya, amayamba kukodza paliponse, ndipo chimfine cha amphaka chimamugwira msanga chifukwa nkhawa imafooketsa chitetezo cha m'thupi. Yendani pakhomo panu madzulo ano, muyang'ane nyama iliyonse payokha, mudzifunse ngati ili nawo onse asanu.

Ndinene chinthu chowawa. Malo oipitsitsa omwe ndinaitanidwako pa ntchito yanga sanali a anthu ankhanza. Anali a anthu achifundo omwe analephera kunena kuti ayi. Ndikukumbuka nyumba ina momwe fungo la mkodzo linkatulutsa misozi ungolowa pakhomo. Mwini wake ankadziwa mphaka aliyense ndi dzina, ankagona ndi njala kuti iwo adye, ndipo analira kwambiri pamene tinkawatenga. Koma kuseri kwa mpando kunali mphaka wakufa masiku angapo, iye osamuona. Sanayambe choncho. Anayamba ndi kamphaka kamodzi konyowa ndi mvula, ndipo aneba atadziwa anayamba kusiya makatoni pageti. Akuluakulu anati chifundo chinapha nkhwali, koma pa ntchito yathuyi chimapha ndi opulumutsidwa omwe. Sindikunena kuti mwafika pamenepo. Ndikunena kuti msewu wake umayambira pomwe mwaima, ndipo kudandaula kwa bambo a kunyumba ndi aneba mukutenge ngati belu.

Chochita mwachangu kuposa kumanga makola ndi kufula amuna onse ndi kutseketsa akazi onse. Mphaka wamkazi amatha kutenga bere ali ndi miyezi 4 yokha, bere limatenga masabata pafupifupi 9, ndipo amatha kuswa katatu pa chaka. Galu wamkazi amafuna amuna kawiri pa chaka, ndipo bere lake ndi la masiku pafupifupi 63. Pakhomo pa nyama 11 zosatseketsa, chaka chamawa mudzakhala mukupulumutsa nyama zobadwira m'khitchini mwanu momwe. Kufula kumachepetsanso ndewu, kuyendayenda ndi kulira kwa usiku komwe kukukwiyitsa aneba. Ndipo mukaona patali, opareshoni imodzi ya galu wamkazi wa mumsewu imaletsa mavuto ochuluka kuposa khola latsopano. N'chifukwa chake mabungwe ambiri amagwira agalu ndi amphaka a m'misewu, kuwatseketsa, kuwabaya katemera n'kuwabwezera komwe anawapeza, amphaka atawadula kansonga ka khutu kuti adziwike. Kupha agalu a m'dera sikuthetsa vuto chifukwa ena amabwera kudzadya zomwe akufawo asiya, koma agalu 70 mwa 100 aliwonse akabayidwa katemera, chiwewe chimasowa poyenda.

Palinso zolakwa zomwe anthu amachita ndi mtima wabwino, ndipo ndazionera pathebulo langa kambirimbiri. Galu wotsala mafupa okhaokha musamudzazire mbale. Thupi lomwe lakhala nthawi yaitali osadya likalandira chakudya chambiri mwadzidzidzi, mchere wa m'magazi umasokonekera ndipo mtima ukhoza kuima. Mupatseni pang'onopang'ono kangapo patsiku, n'kumaonjezera kwa sabata yathunthu. Kamphaka kozizira musakamwetse kanthu musanakafunditse. Mkaka wa ng'ombe umakatsegula m'mimba, kamafuna mkaka wopangidwira tiamphaka, maola awiri kapena atatu aliwonse usiku womwe, katagona chafufumimba osati chagada. Mpaka masabata atatu sikatha kukodza kapena kuchita chimbudzi pakokha, mumachita kukasisita kumunsi ndi thonje lonyowa ndi madzi ofunda monga amachitira mayi wake ndi lilime. Mukapeza tiamphaka tonenepa, toyera, tili phee pakona, dikirani maola angapo muli patali, nthawi zambiri mayi wake wangopita kosaka. Paracetamol, yemwe ambiri timangoti panado, piritsi limodzi limapha mphaka. Ibuprofen amaboola chifu ndi kuwononga impso za galu. Mankhwala a nkhupakupa a agalu okhala ndi permethrin amakomola mphaka. Oilo wakutha wa galimoto sachiza mphere, amawotcha khungu n'kuika poizoni m'thupi.

Dzina lanu likamveka, tsiku lina wina adzakubweretserani kanyani, kadzidzi, kamwana ka gwape kapena ngaka. Nyama zakutchire ndi nkhani ina. M'maiko ambiri kuzisunga popanda chilolezo ndi mlandu, ngakhale cholinga chili chabwino. Ngaka, mwachitsanzo, mitundu yake yonse 8 inaikidwa pa chitetezo chapamwamba cha pangano la maiko loyang'anira malonda a nyama zakutchire la CITES pa msonkhano wa ku Johannesburg mu 2016. Musagule nyama yotere kwa wogulitsa poganiza kuti mukuiombola, chifukwa ndalama yanuyo ndi yomwe imamutumanso kutchire mawa. Kamwana ka gwape kogona kokha m'udzu kawirikawiri kamakhala kobisidwa ndi mayi wake. Kanyani koleredwa m'nyumba kamakula n'kuyamba kuluma, ndipo kubwerera kwa anzake kumavuta. Iikeni nyamayo m'bokosi, pamdima, popanda phokoso, musaidyetse, ndipo muimbire oyang'anira nyama zakutchire. Mleme musaugwire ndi manja.

Malamulo amakhudzanso agalu ndi amphaka. Si galu aliyense woyenda yekha amene alibe mwini, ndipo pamaso pa lamulo chiweto ndi katundu wa munthu. Mukatola, jambulani chithunzi, funsani anthu a pamalopo, lengezani, ndipo dokotala aone ngati ali ndi microchip, kachipangizo kakang'ono kodziwira mwini wake, pansi pa khungu. Mukaona galu akuzunzidwa kuseri kwa mpanda wa munthu, musalumphe mpandawo usiku. Jambulani umboni muli panja n'kukanena kwa apolisi kapena bungwe lomwe lili ndi mphamvu yolanda. Fufuzaninso kwa akuluakulu a dera lanu kuti pakhomo pamodzi pamaloledwa agalu angati. Khalani ndi kope lolembamo nyama iliyonse: tsiku lomwe inabwera, komwe munaipeza, kulemera kwake, katemera, mankhwala ndi komwe inapita. Kopelo lidzakuyankhirani tsiku lomwe wina adzabwere kudzati munaba galu wake.

Nyumba yopulumutsira nyama iyenera kukhala ndi makomo awiri, ndipo lotulukira ndi lomwe limavuta. M'kalata mwanu ndawerenga za nyama zolowa zokhazokha. Kupezera galu banja ndi ntchito ya masabata: kumuzoloweretsa anthu, kumuphunzitsa kuyenda pachingwe, kucheza ndi ofuna kumutenga, kukaona komwe akakhale, kufunsa ngati eni nyumba ya lendi akulola, ngati mpanda ulipo, ngati sakamangidwa pa unyolo dzuwa lonse. Nenani zoona zokhazokha. Galu woopa ana kapena wogwira nkhuku mumunene momwe alili, chifukwa bodza limabwerera ndi mwana wolumidwa. Asatuluke wosafula kapena wosabayidwa, ndipo muwauze omutengawo kuti zikavuta amubweze kwa inu osati kumsewu. Koma musafunefune banja langwiro. Ndaona opulumutsa akukana anthu abwino khumi chifukwa mumtima sakufuna kusiyana ndi galuyo. Mudzalira pomuperekeza, ndipo n'chimodzimodzi kwa tonsefe.

Pali nyama zina zomwe simudzatha kuzichiritsa. Galu wothyoka msana yemwe sakumvanso miyendo, mphaka yemwe impso zatheratu, galu wolusa moti palibe angakhale naye mosaopsa. Pamenepo chithandizo chotsala ndi jakisoni wa dokotala womugoneka osadzukanso, mosamva ululu. Amene sangathe kupirira chiganizo chimenechi amasunga nyama ikubuula kwa masabata kuti mtima wake usapweteke, ndipo wolipira amakhala nyamayo. Chiganizochi musamachipange nokha, ndiponso musamachipange pakati pa usiku mutatopa. Pezani dokotala mmodzi wa ziweto yemwe mungamukhulupirire, woti azikuuzani zoona ngakhale zowawa, ndipo mugwirizane naye zinthu zisanavute. Thamangirani kwa iye nyama ikamabanika, ikatuluka magazi osaleka, ikakomoka, nkhama zikayera mbuu, mimba ikatupa mwadzidzidzi, mphaka wamphongo akamakanika kukodza, kapena kagalu kakasiya kudya n'kuyamba kusanza.

Nanga za kusiya ntchito? Yankho langa ndi lakuti ayi, osati pano. Malipiro anu ndi omwe akudyetsa nyama 11 zija. Ntchito yopulumutsa nyama siibweza ndalama, imangomeza: chakudya, katemera, opareshoni, mankhwala a njoka ndi utitiri, mafuta a galimoto, ndi ngozi zosayembekezeka zomwe zimabwera mwezi uli pakati. Thandizo la anthu akufuna kwabwino limabwera chithunzi chikawagwira mtima, mwezi wotsatira n'kuzimiririka, koma agalu amadya mwezi uliwonse. Vutoli ndi lakale ngati ntchito yomweyi. Bungwe loteteza nyama lomwe lero limatchedwa RSPCA linayambika ku London mu 1824, patatha zaka ziwiri Richard Martin atapititsa kunyumba ya malamulo lamulo loletsa kuzunza ng'ombe ndi akavalo. Mlembi woyamba wa bungwelo, m'busa Arthur Broome, anasiya mpingo womwe ankatumikira kuti adzipereke ku bungweli. Mu 1826 anatsekeredwa m'ndende chifukwa cha ngongole za bungwe lomwelo, mpaka anzake anachita kusonkha kuti atuluke. Bungwe linapulumuka chifukwa panali ena oligwirizira.

Njira yomwe ndingakulangizeni ndi yotsika koma yokhalitsa. Tsekani geti pa nambala yomwe muli nayo, kapena muitsitse. Mukatha kufula, kutseketsa ndi kubaya onse, yambani kupezera mabanja omwe angapezeke. Kenako dziperekeni kwa chaka chimodzi ku bungwe lomwe lilipo kale, Loweruka lililonse, mukakolope makola, mukaone momwe amalembera mabuku, momwe amakanira nyama malo akadzaza, momwe amapemphera ndalama. Mukhoza kukhala wolera wongoyembekezera, wosunga nyama imodzi kapena ziwiri kwa masabata ochepa bungwe likulipira mankhwala. Mukhoza kusonkhanitsa anthu a m'dera lanu kuti agalu awo abayidwe, kapena kukaphunzitsa ana a sukulu momwe angapewere kulumidwa. Tsiku la 28 September, lomwe dziko lonse limakumbukira za chiwewe, ndi poyambira pabwino. Chaka chikatha mtima ukadali pomwepo, mudzayambe ndi anthu, makola pambuyo: anzanu atatu kapena anayi odalirika, dokotala, wosunga ndalama yemwe si inu, kulembetsa bungwe mwalamulo, malo otalikirana ndi nyumba za anthu, ndi ndalama zokwana miyezi ingapo zili kale pambali. Mutu umodzi susenza denga. Mudzifunsenso funso lomwe ambiri amalithawa: inu mutagonekedwa m'chipatala mawa, ndani angadyetse nyamazi?

Bambo a kunyumbawo khalani nawo pansi, osati kuti muwagonjetse koma kuti mumve. Nyumbayo ndi yawonso, ndalama ndi tulo zomwe zikupitazo ndi za banja lonse. Mugwirizane nambala, zipinda zomwe nyama sizilowa, ndi gawo la ndalama lomwe silidutsidwa. Mwamuna yemwe wafunsidwa maganizo amatha kudzakhala woyamba kunyamula galu wovulala, pomwe wongouzidwa amadana ndi galu aliyense wolowa pageti. Aneba nawo apiteni nokha asanakusumireni. Agalu azigona m'kati usiku, chimbudzi chawo chizichotsedwa tsiku lililonse, ndipo galu woyenda mokwanira masana sauwa kwambiri usiku.

Kusagona kwanuko ndikufuna mukuyang'anire. Pali kutopa kwina komwe kumagwira anamwino, madokotala ndi opulumutsa nyama, komwe akatswiri a maganizo amakutcha compassion fatigue, dzina lomwe linatchuka m'zaka za m'ma 1990 kudzera mwa Charles Figley wa ku America. Munthu amayamba kupsa mtima ndi aliyense, kudana ndi anthu onse chifukwa cha nkhanza za ochepa, kulota nyama zakufa, kudziimba mlandu akapuma, kapena kuuma mtima osamvanso kanthu. Ena amathawira ku mowa. Chisoni cha tiagalu tiwiri chimayenera kumapepuka masabata akamapita. Chikapitirira, mukasiya kudya, ntchito ikayamba kukukanikani, kapena mukayamba kuganiza kuti moyo ulibe phindu, kaonaneni ndi dokotala kapena phungu wa maganizo mwamsanga, ndipo muuze munthu mmodzi wapafupi lero lomwe. Muzithimitsa foni usiku. Muzikhala ndi tsiku limodzi pa sabata lomwe simutola kanthu.

Katoni yotsatira ikapezeka pageti, musailowetse pabwalo lija la parvo. Iikeni m'bafa kapena m'galaja momwe mungatsuke ndi bulichi, valani magolovesi, funditsani zomwe zili m'katimo, ndipo muyambe kuimba mafoni ofunafuna wina woti alere. Woimba foni kuti mubwere mudzatole, mufunseni ngati iyeyo angasunge galuyo masiku 14 inu mukumuthandiza ndi malangizo ndi dokotala. Mudzadabwa kuti ena amavomera. Ndipo sabata yomwe mukatengere agalu 7 aja kokabayitsa, mutengenso buku lanu la kuchipatala, mukayambe katemera wanu wa chiwewe.